Mfuti ya .22 ikukakamira, ndipo zipolopolo zikumwazikana pa chandamale

Mlimi wa ku Makeni:
Ndikupatsani moni nonse, akuluakulu. Ndili ndi mfuti ya .22 LR (Long Rifle, mtundu wa zipolopolo zazing'ono) ya semi-automatic, imene imadzilowetsera yokha chipolopolo china mukawombera, ndipo ndili ndi laisensi yake monga mwa lamulo. Vuto langa lili pawiri. Nthawi zina chigoba cha chipolopolo chimene chawomberedwa sichituluka bwino, chimangopanikizika pakhomo chitaimirira, ndipo nthawi zina chipolopolo sichilira n'komwe ngakhale kuti kamsomali ka m'mfuti komenyera chipolopolo kakumenya. Chachiwiri n'chakuti pa mamita 50 zipolopolo zimagwera motalikirana kwambiri, pamene mnzanga amene ali ndi mfuti yokoka ndi dzanja amazigwetsa pamalo amodzi. Kodi mfuti yangayi yawonongeka, kapena ndi mmene mfuti za mtundu umenewu zilili?

Bambo a ku Chilenje:
Bambo, musafulumire kunena kuti mfuti yawonongeka, chifukwa mavuto ambiri a .22 amayambira m'chipolopolo. Chipolopolo cha .22 LR chinatuluka mu 1887, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni. Mankhwala oyatsira onga sakhala pakati monga m'zipolopolo zazikulu, koma amapakidwa m'kati mwa mkombero wa kunsi, ndipo pa zipolopolo zotchipa pamakhala malo ena amene mankhwalawo sanafike. Kamsomali kakamenya pamalo otero, palibe chimene chimachitika. Chipolopolo chikakana kulira, musatsegule msanga: dikirani masekondi 30 mfuti italoza ku chandamale, kenako muchitulutse n'kuona chidindo chimene kamsomali kasiya. Ngati chidindocho n'chakuya, mlandu ndi wa chipolopolo. Ngati n'chosaoneka bwino, ndiye kuti kamsomali kakuyenda movutika chifukwa cha litsiro, kapena sipuling'i yake yatopa.

Kukakamira kwa chigoba nakonso kumachokera pa mmene mfutizi zimagwirira ntchito. Palibe chimene chimakhoma bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope wa mfuti) pamene mukuwombera. Imangogwidwa ndi kulemera kwake ndi sipuling'i, ndipo mphamvu ya onga ndiyo imaikankhira m'mbuyo. Mphamvu ya .22 ndi yochepa, choncho kalitsiro kakang'ono kapena chipolopolo chofooka n'zokwanira kuti bolt isafike kumapeto kwa ulendo wake.

Mayi Wowombera Chandamale:
Ndikugwirizana ndi Bambo a ku Chilenje, koma ndikufuna kutsindika za litsiro, pakuti kuno ku Lusaka timalipeputsa. Mutu wa chipolopolo cha .22 umapakidwa phula kunja, ndipo phulalo likasakanikirana ndi mwaye wa onga, mafuta ndiponso fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, limasanduka phala lakuda lomata ngati la m'munsi mwa mphika. Anthu ambiri amathira mafuta ochuluka poganiza kuti akuthandiza mfuti, pamene akungoitanira fumbi. Tsukani bwino malo amene chipolopolo chimalowa, nkhope ya bolt, ndi kangowe kamene kamakoka chigoba pamodzi ndi kampata kake, kenako mupake mafuta pang'ono chabe. Yang'ananinso magazini (kabokosi kosungira zipolopolo m'mfuti), chifukwa nthawi zambiri ndiyo imayambitsa vuto koma palibe amene amaikayikira. Ngati mungabwereke ina, yesani muone ngati vutolo litsatira magazini kapena likhala ndi mfuti.

Chinthu china n'chakuti pa mfuti zina za .22, kuwombera mulibe chipolopolo kumachititsa kamsomali kumenya m'mphepete mwa malo olowa chipolopolo n'kusiya kachotupa kamene kamagwira chigoba. Mukapeza kachotupa koteroko, pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti, musayese kupala nokha ndi tupa.

Mkulu wa ku Woodlands:
Achimwene, za kumwazikana kwa zipolopolo palibe amene wayankha, ndipo apa m'pamene nkhani imavuta, chifukwa chimene chimathandiza mfuti kuyenda bwino si nthawi zonse chimathandiza kulasa bwino. Zipolopolo za liwiro lalikulu zimatuluka pafupifupi mamita 380 pa sekondi, motero zimakankha bolt mwamphamvu, koma zili panjira liwiro lake limatsika n'kudutsa pa liwiro la phokoso, limene lili pafupifupi mamita 340 pa sekondi, ndipo ambiri amene amawombera chandamale amati pamenepo mpamene zimayamba kusokonekera. N'chifukwa chake zipolopolo za mpikisano, monga za makampani a Eley ndi Lapua, zimapangidwa kuti zituluke pafupifupi mamita 330 pa sekondi. Zoterezi zimagwera pamodzi, koma mu mfuti yalitsiro kapena yatsopano kwambiri mwina sizingakankhe bolt mokwanira.

Onjezerani pamenepo kuti opanga mfuti za semi-automatic kawirikawiri amasiya malo olowa chipolopolo otakasuka pang'ono kuti chizilowa mosavuta, pamene mfuti zokoka ndi dzanja monga CZ 457 zimachigwira mothina. Choncho n'zosadabwitsa kuti mnzanuyo akukuposani. Izi sizikutanthauza kuti mfuti zoterezi n'zachabe ayi. Marlin Model 60 inatuluka mu 1960, Ruger 10/22 mu 1964, ndipo anthu akuzigwiritsabe ntchito mpaka lero. Gulani timabokosi ta mitundu itatu kapena inayi, mugoneke mfuti pa thumba la mchenga, muwombere zipolopolo zisanuzisanu pa mtundu uliwonse, ndipo mukasintha mtundu muyambe mwawombera zingapo zosawerengera kuti phula latsopano likhazikike mumpope. Musanatero, mangani masikuluwu a sikopu (galasi loonera chandamale) ndi amene amagwirizanitsa mfuti ndi thabwa lake logwirira, pakuti akakhala olobodoka mungathe kumaliza katoni yonse mukuimba mlandu zipolopolo.

Mlimi wa ku Makeni:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana zipolopolo zimene zinakana kulira, ndipo chidindo chake n'chakuya ndithu, choncho ndiyamba ndi kusintha mtundu wa zipolopolo ndi kutsuka kangowe kaja. Mayi, ndikufunseni: kodi mpope wonse uyenera kutsukidwa nthawi iliyonse ndikawombera, kapena ndizitsuka polowera chipolopolo pokha?