Chitseko cha galaja chikukana kutsekeka

Bambo a ku Senga Bay:
Abale anga, ndikupempha nzeru. Chiyambireni mvula mu Disembala, chitseko cha galaja yathu chikatsika pang'ono chimabwereranso m'mwamba, ndipo nthawi zina mota imangolira osachikoka. Kodi ndigule mota ina, kapena yomweyi ikhoza kukonzeka?

Mmisiri wa ku Nkhotakota:
Musafulumire kugula, bambo. Yambani mwapukuta masensa awiri (timaso toona ngati pakhomo pali chotchinga) omwe ali m'munsi mwa chitseko, chifukwa kuno kunyanja nkhungu ndi ukonde wa kangaude zimaphimba timagalasi tawo, choncho mota imaona ngati pakhomo pali munthu. Kenako zimitsani magetsi, chotsani batire, mutsegule bokosi la mota. Ine tsiku lina ndinapezamo nalimata atauma pa bolodi ya tizipangizo ta magetsi, mawaya atachita dzimbiri lobiriwira chifukwa cha chinyezi. Kapasita ikakhala yotupa, isintheni, chifukwa ndi imene imathandiza mota kudzuka.

Mayi a ku Chipoka:
Kwathu vuto linali batire ya 12V, yomwe imafooka msanga ndi kutentha kwa Okutobala. Koma chonde achimwene, sipuling'i ya pamwamba pa chitseko musaigwire nokha, popeza imakhala yokungika kwambiri ndipo ikhoza kukuthyolani dzanja.