Mawu a pa chiliza cha achemwali

Malume: Mwadzuka bwanji nonse? Mmisiri akufuna mawu a pa chiliza pofika Lachisanu. Ine ndalemba kuti "Anatisiya pa tsoka la Freddy, Chilobwe, Malichi 2023."

Azakhali: Achimwene, mawu oti tsokawo ayi. Anthu adzawerenga ngati mwanayu anali ndi minyama. Komanso m'Baibulo tsoka amauzidwa ochimwa. Pa Mateyu 23 Yesu akubwereza "Tsoka inu, alembi ndi Afarisi." Mwana wathu anali Mfarisi?

Malume: Nanga tilembe ngozi? Ngati anagundidwa ndi minibasi?

Mlamu: Boma limatero, ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Azakhali: Boma lilembe zake.

Achimwene a ku Joni: Zikomo akuluakulu, ndiyankhulepo. Azakhali akunena zoona koma mbali imodzi. Pa Mateyupo tsoka ndi chenjezo la chiweruzo. Koma pali zinanso zogwera munthu wosalakwa. Pa Yobu 1:19 chimphepo chinachokera kuchipululu n'kugwetsa nyumba, ana onse a Yobu n'kufera momwemo. Anzake atatu anakakamira kuti alipo pamene analakwa, ndipo pa 42:7 Mulungu anakwiyira anzakewo, osati Yobu. Yesunso pa Luka 13:4 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kukana kuti sanali ochimwa kuposa ena a mu Yerusalemu. Matope a m'phiri la Soche sanasankhe khomo.

Mlamu: Koma pa maliro paja mlaliki wina anawerenga Amosi 3:6, zoti choipa sichigwera mudzi popanda Yehova. Amayi sanagone usiku umenewo.

Achimwene a ku Joni: Amosi ankadzudzula olemera a ku Samariya opondereza aumphawi. Kutenga vesi limenelo n'kukaliwerengera mayi woferedwa, ine sindigwirizana nazo. Abusa a tsiku lovundukula tiwapemphe Luka 13.

Agogo (walemba ndi mdzukulu): Akuti Luka yemweyo akupitiriza kuti tonse tilape, ndiye abusa asadule pakati. Akutinso pa mwalapo dzina lilembedwe ndi la kwawo lomwe.

Malume: Tamva, amayi. Ndiye chonchi: dzina, zaka, kenako "Anapita ndi namondwe wa Freddy." Vesi pansi.

Azakhali: Eya, zimenezo. Koma vesi la pa mwala likhale Salimo 46:1, lothawira kwa Mulungu m'masautso. Luka ndi wa ulaliki.

Mlamu: Tingolemba nambala yake, mmisiri amalipiritsa chilembo chilichonse.

Achimwene a ku Joni: Gawo langa la simenti nditumiza pa Mukuru Lachitatu. Alandire ndani?

Malume: Alamu anu. Otsala tumizani pa Airtel Money, ndipo amene sanasonkhe ya ufa akudzidziwa. Za mahema ndi mipando wafunsa ndani kumpingo?

Azakhali: Ndipita mawa ikatha misonkhano ya amayi.