Howl's Moving Castle: amene munawerenga buku lake, filimuyi munaiona bwanji?

Tadala_K

Moni nonse. Ndili ndi funso kwa amene munaonerapo Howl's Moving Castle, katuni ija ya Studio Ghibli ya 2004 yomwe anapanga Hayao Miyazaki. Amene simunaonere musapitirize kuwerenga, tikuululirani nkhani yonse.

Ine ndinayamba ndi buku, la Diana Wynne Jones lija la 1986, nde filimu ndaonera posachedwapa pa Netflix koma mtima sukukhazikika. Zojambula nzokongola palibe angatsutse, chinyumba chija mmene chimayendera chikugwedera uku chikutulutsa utsi ndinachita kubwezera kuti ndionenso. Koma nkhani yake ndi inatu. M'buku nkhondo imangotchulidwa patali kuti mfumu ili ndi nkhawa ndi maiko oyandikana nawo, pomwe mufilimu ndege zikuponya mabomba m'tauni, Howl, mfiti yachimuna mwini chinyumbacho, akusanduka chimbalame nkumakalimbana nazo usiku. Anachotsanso zoti Howl kwawo ndi ku Wales, dzina lake lenileni ndi Howell Jenkins ndipo ali ndi mchemwali wake Megan amene amangomukalipira kuti ndi mlesi, gawo limenelo ine ndi lomwe ndimalikonda kwambiri.

Ndiye ndikufunsa, ndi ine ndekha amene zandikhumudwitsa? Nanga amene simunawerenge buku, nkhaniyi inakumvekerani bwinobwino makamaka kumapetoko?

Mjomba Zed

Chemwali ine buku sindinawerenge ndipo filimuyi ndimaikonda kwabasi. Kumapeto ndikuvomera anathamanga, Turnip Head chidole choopsezera mbalame chija kungopsopsonedwa basi chasanduka mwana wa mfumu wa dziko linalo amene anasowa, iye nkunena kuti akukaletsa nkhondo, Madame Suliman, mkulu wa zamatsenga wa kunyumba ya mfumu, nayenso nkuvomera pompo kuti nkhondoyi ithe. Zonsezo m'timphindi tochepa, pamenepo sizinandikhutitse.

Koma chomwe chinandigwira mtima si nkhondo ayi, ndi Sophie. Mtsikana wa zaka 18 wosoka zipewa, wamanyazi, wodziona ngati siwokongola, mfiti ina yotchedwa Witch of the Waste yamulodza wasanduka gogo wa zaka 90, ndiye mmalo moti afooke mpamene akuyamba kulankhula zakukhosi kwake mopanda mantha. Taonetsetsani nkhope yake mukamaonera, imasinthasintha. Akagona amabwerera kukhala mtsikana. Pamene akuikira kumbuyo Howl pamaso pa Suliman makwinya akutha, msana ukuwongoka, mawu akumveka amphamvu, kungouzidwa kuti umamukonda eti, manyazi amugwira wabwereranso ku ukalamba nthawi yomweyo. Palibe amene akukufotokozera zimenezi, umangoziona wekha. Buku lingathe bwanji kuonetsa zimenezo?

Ndi pa masitepe a kunyumba ya mfumu paja. Agogo awiri akukwera, Sophie wanyamula galu uja Heen akuganiza kuti ndi Howl wadzisandutsa, mfiti ija thukuta lili kamukamu ikulephera kupuma, Sophie wafika pamwamba nkutembenuka kumamulimbikitsa munthu yemwe anamulodzayo kuti limbikirani mufika. Ine pamenepo mpomwe ndinadziwa kuti filimuyi si wamba.

Chiko_wa_ku_Joni

Aise Tadala, nkhondoyo sanaiike mwangozi. Filimuyi amaipanga nthawi yomwe America inalowa ku Iraq mu 2003 ndipo Miyazaki zinamunyansa kwambiri, mpaka sanapite kukalandira Oscar ya filimu yake ina ija Spirited Away chaka chimenecho, anadzanena yekha pambuyo pake kuti chifukwa chake chinali nkhondoyo. Munthuyu anabadwa mu 1941, ali mwana anaona mzinda ukuyaka ndi mabomba ku Japan, ndipo banja lawo linali ndi kampani yopanga zipangizo za ndege zankhondo, nde ukaona ndege m'mafilimu ake zimakhala zojambulidwa mwachikondi koma ntchito yake ili yoopsa. Sakanatha kutenga nkhani ya Howl, mfiti yomwe mfumu ikuifuna, nkusiya osafunsa kuti kodi mfumuyo ikumufunira chani.

Ine ndimaona kuti anabwereka anthu ndi nyumba kwa mayi Jones koma nkhani anakamba yake. Chitseko cha chinyumba chija chokhala ndi mitundu 4, mtundu uliwonse wotulukira malo ake, m'buku ukaloza pakuda umatulukira ku Wales, mufilimu pakuda mpomwe Howl amatulukira kupita kunkhondo. Pomwepo pakuonetsa kale kuti anthu awiriwa mitima yawo inali pa zinthu zosiyana. Ndipo mwini bukuyo anaionera filimuyi nkuiyamikira ngakhale ankadziwa kuti yasiyana ndi zomwe analemba.

NaBanda M.

Achimwene a ku Joni, zoti mlembi anaiyamikira sizikutanthauza kuti ife owerenga tisadandaule. Ine ndili mbali ya Tadala ndipo dandaulo langa lalikulu si Wales, ndi mphamvu za Sophie. M'buku Sophie nayenso ali ndi matsenga koma sakudziwa, akamalankhula ndi zinthu zimamvera. Amasoka chipewa nkumachiuza kuti iwe ukakwatiwa ndi munthu wandalama, wogula chipewacho zimamuchitikiradi. Ndodo yake yoyendera imakhala ndi mphamvu chifukwa choti amacheza nayo. Ndiye pamapeto akamabwezera mtima wa Howl m'chifuwa nkumupatsa Calcifer, chiwanda cha moto chomwe chimasunga mtimawo, moyo wautali kuti asafe, zimamveka chifukwa waona mphamvuyo ikukula kuyambira tsamba loyamba. Mufilimu zimenezi anangozisiya m'malere, zimaoneka ngati chikondi chokha ndi chomwe chakonza zonse.

Komanso nkhani yoti iye ndi woyamba kubadwa mwa atsikana atatu, ndipo m'dziko lawo la Ingary aliyense amakhulupirira kuti mwana woyamba zake siziyenda, nchifukwa chake anangodzitaya mushopu ya zipewa. Temberero lenileni linali limenelo, lomwe anadziika yekha. Mufilimu Martha kulibe, tangoona Lettie pang'ono ku bekale basi.

Howl nayenso anamuyeretsa kwambiri. Wa m'buku ndi wachibwana, wokonda akazi, amafunsira mtsikana akangomulola iye chidwi chatha, amatha maola ali kubafa kudzikongoletsa, amayenda ndi gitala yomwe satha nkuimba komwe, akadwala chimfine nyumba yonse isagone. Tsiku lina amabwera ataledzera kuchokera kwa anzake a rugby. Iye ndi Sophie amakangana kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndipo chikondi chawo chimakulira m'mikangano momwemo, nchifukwa chake chimakhulupirika. Wa mufilimu ndi ngwazi yofatsa yamaso achisoni. Chomwe anasunga ndi pomwe tsitsi lake linasintha mtundu iye nkuyamba kutuluka zonanda zobiriwira thupi lonse chifukwa chokhumudwa, koma poti zachibwana zinazo anazichotsa, malo amenewo amaoneka ngati angotulukira.

Mayi a Mphatso

Ine ndilowererepo ngati kholo. Poyamba ndinkakayika kuwaonetsa ana chifukwa mukudziwa kwathu kuno ukangomva mfiti, chiwanda cha moto, mtima umakhala m'mwamba. Ndinayamba ndaonera ndekha kenako tinaonera limodzi. Calcifer ndi amene anawasangalatsa kwambiri, makamaka pomwe akukazinga mazira ndi nyama iye nkumadya zikhokho za mazirazo. Wamng'onoyo anachita mantha ndi mabomba komanso zinthu zakuda zonyololoka zija zomwe zimathamangitsa Howl, ndiye ngati mwana wanu sachedwa kuopa mukhale naye pafupi.

NaBanda mwanena zomveka koma pali chimodzi chomwe filimu inasintha chomwe ine ndingachiikire kumbuyo. Ndamva kuti m'buku Witch of the Waste amakhala mdani mpaka kufa. Mufilimu Suliman atamulanda mphamvu amasanduka nkhalamba yosatha kudzithandiza, ndipo Sophie amamutenga kupita naye kunyumba, kumudyetsa ndi supuni, kumugoneka. Munthu amene anamuonongera utsikana wake. Ngakhale pomwe gogoyo wakakamira mtima wa Howl osafuna kuupereka, Sophie sanamulande mwankhanza, anamukumbatira nkumupempha. Ife kuno timamva nkhani za agogo akumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa kumene chifukwa chongowaganizira ufiti. Ndiye ana anga kuona mtsikana akusamalira nkhalamba yomwe inamulakwiradi, ine ndinaona kuti nchinthu chofunika, ndipo tinakambirana titamaliza kuonera.

Tadala_K

Mayi a Mphatso zimenezo ndazimva, ndipo nzoona m'buku mfitiyo sakhululukidwa, ndiponso mdani wamkulu amadzakhala chiwanda chake chomwe chinadzisandutsa mphunzitsi Miss Angorian. Pamenepo filimu inachita bwino. Koma za Sophie ndikugwirizanabe ndi NaBanda, akanasiyako ngakhale kamodzi kokha tikumuona akulankhula ndi chipewa nkuchitika, sizikanatenga nthawi mufilimu ya pafupifupi maola awiri. Michael nayenso, wophunzira wa Howl, mnyamata wa zaka 15 amene ali ndi chibwenzi chake, anamusandutsa kamwana Markl, ngakhale kameneko ndinakakonda kakamavala ndevu zabodza potsegulira makasitomala.

Funso lina, ine ndinaonera ya Chijapani yokhala ndi mawu olembedwa pansi, ya Chizungu ili bwanji?

Chiko_wa_ku_Joni

Ya Chizungu ili bho, Howl ndi Christian Bale, Calcifer ndi Billy Crystal, mfiti ndi Lauren Bacall. Kusiyana kwake nkoti anagwiritsa ntchito anthu awiri pa Sophie, Emily Mortimer ali mtsikana ndi Jean Simmons ali gogo, pomwe ya Chijapani ndi munthu mmodzi Chieko Baisho amene analankhula zonse, nde kusinthasintha kwa msinkhu komwe Mjomba amanena kumamveka bwino mu ya Chijapaniyo. Kwa ana amene sanafike powerenga mwachangu ya Chizungu ndiyabwino. Nyimbo za Joe Hisaishi ndi zomwezo konse.

Ngati ukufunabe Howl wa m'buku uja, mayi Jones analembanso ena awiri a dziko lomwelo, Castle in the Air la 1990 ndi House of Many Ways la 2008. Howl ndi Sophie alimo koma nkhani imatsogoleredwa ndi anthu ena, ndiye usadabwe ukawerenga machaputala angapo osawaona.