Ife a yuniyoni tikakumane nawo a zachilengedwe pa nkhani ya majumbo?

Wapamakina: Ndimagwira pa makina opanga majumbo pa fakitale ina kuno ku Blantyre, ndipo anzanga anandisankha kuwayankhulira mu yuniyoni. Achinyamata ena omwe amatola zinyalala mumtsinje wa Mudi andipempha kuti tikhale pansi tikambirane. Anzanga akuti ndisapiteko, ati amenewo ndiwo akutiphera ntchito.

Lamulo loletsa majumbo opyapyala osafika 60 microns (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) linabwera mu 2015, Supreme Court inalivomereza mu 2019, komabe nkhani inapitiriza kuzungulira m'makhoti pakati pa boma ndi eni mafakitale. Pokana lamuloli, eni ake ankadalira dzina lathu, kuti anthu ataya ntchito. Koma ife sanatifunsepo, a boma nawonso sanatifunse. Ine ndimakhala ku Ndirande, mvula ikagwa ndimaona zomwe zimatseka ngalande, ndipo sindinganame kuti sindizidziwa komwe zimachokera. Koma lendi salipira ndi ngalande zoyera. Ndipiteko? Ndikanene chiyani?

Nachisale wa ku Chilobwe: Achimwene, pitani. Ine ndili m'gulu lobzala mitengo kuno kumunsi kwa Soche. Matope a namondwe Freddy atatsika mu March 2023 sanafunse kuti uyu ndi wa yuniyoni kapena wa zachilengedwe, ndipo ambiri omwe tinawaika anali anthu odzuka m'mamawa kupita kuntchito ku Makata ndi ku Ginnery Corner. Tikamaguba ife timangokuwa kuti atseke, atseke, chifukwa za mkati mwa fakitale sitizidziwa. Inu ndi amene mungatiuze ngati makina omwewo angatulutse majumbo ochindikala, komanso anthu angati angatsale pa shifiti.

Mkulu Wopuma: Aphwanga, kupita pitani, koma musapite chimanjamanja. Misonkhano yotere ndinaikhalapo, ya kuhotela, ya fanta ndi alawansi, mapeto ake chithunzi pa Facebook basi. Mukawapemphe kuti pa kalata iliyonse yomwe akulembera MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, aikepo mfundo zanu, inunso muikepo zawo pa yanu.

Yoyamba ikhale severance allowance. Employment Act imati wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa alandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, masabata atatu kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndipo anayi kuchokera pamenepo. Chenjerani ndi aja olembedwa ngati aganyu, makontrakiti a miyezi itatu itatu kwa zaka zambiri, chifukwa ndiwo amapita kwawo opanda kalikonse. Lembani mayina awo ndi tsiku lomwe anayamba, lero lomwe, zikadzafika ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito, mudzazifuna. Yachiwiri ndi maphunziro. Olemba ntchito amalipira 1 peresenti ya malipiro ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ndiye funsani kuti ochotsedwa aphunzitsidwe kuwotcherera kapena kulumikiza sola asanatuluke pageti, osati atatuluka kale. Komanso werenganani. Ngati mamembala anu sakufika 20 peresenti ya ogwira ntchito, bwana akhoza kukana kukambirana nanu. A MCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni m'dziko muno, muwadziwitse musanapite.

Wamsika wa Limbe: Nonsenu mukukamba za a m'fakitale. Nanga anyamata ogulitsa majumbo mumsika muno? Nanga otola mabotolo ku Mzedi, kotayira zinyalala za mumzinda? Amenewo alibe bwana, severance adzaitenga kwa ndani? Mukaitane a MUFIS, yuniyoni ya ife odzilemba tokha. Ndipo a zachilengedwewo atiuze kuti usipa wa mayi wogula pang'ono tiukulunge m'chiyani, poti chikwama cha nsalu mtengo wake ukuposa ndiwo zomwe wagulazo.

Wapamakina: Zikomo nonse. Amayi a ku Chilobwe, makina athu amatha kutulutsa ochindikala, ndi nkhani yongosintha geji. Vuto ndi lakuti jumbo lochindikala limadya pulasitiki wambiri, mtengo umakwera, ndipo munthu amaligwiritsa ntchito kangapo, ndiye maoda amachepa. Shifiti yausiku ndi yomwe ili pangozi. Bambo Wopuma, mndandanda wa aganyu tiuyamba mawa pa nthawi ya nkhomaliro. Achinyamata aja ndawauza kuti Loweruka abwere ku Ndirande, ndipo ndibwera ndi anzanga awiri mwa omwe akukanitsitsa aja. Achimwene a ku Limbe, tumizani mmodzi wa anyamata a majumbowo.