Za ulendo wokapanga mafilimu kunja: mmene zilili tsopano

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'kwanzeru kusamukira ku Berlin kukayamba kupanga mafilimu pandekha. Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndaganiza zoyamba ndadikira.

Chandibweza kwambiri ndi nkhani ya ndalama. Thumba la IDFA Bertha Fund la ku Amsterdam limathandiza opanga madokyumentale a ku Africa, Asia ndi Latin America, koma limafuna kuti dayilekita azikhala ndi kugwira ntchito kwawo. Ndikasamuka lero, khomo limenelo ndadzitsekera ndekha. Nacho chilolezo cha ku Germany chogwira ntchito pawekha chimafuna inshuwalansi ya chipatala ndi umboni woti udzadzidyetsa, zomwe pakali pano ndilibe.

Ndiye usiku uliwonse ndikudula filimu yanga yaifupi pa laputopu. Ikatha, ndiyesa mwayi ku Berlinale Talents, pulogalamu yosula luso la opanga mafilimu yomwe imachitika pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin.