Amp ikundithera batire, thandizeni akuluakulu

Membala wobisa dzina: Ndili ku Ntcheu. Ndinagula amp (chokuzira mawu) ndi subwoofer (sipika ya bezi) ya mainchi 12 kwa mlamu wanga. Wayilesi ndi yomwe inabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, kumbuyo kwake kulibe mabowo a RCA otulutsira mawu kupita ku amp. Mnyamata wina pa boma anandilumikizira, ndinamulipira zonse, pano foni sakuyankha. Mlamu akuti katundu wogulidwa sabwezedwa, mayi akunyumba nawo sakundiyankhula poti ndalamayo inali ya feteleza. M'mawa uliwonse batire imakhala itatheratu, tikukankha ndi ana. Ndikaponda moto masipika akulira fiii. Ndichite bwanji?

Wamawaya pa Lizulu: REMOTE IMENEYO! Wayilesi zambiri zobwera ndi galimoto zilibe waya wa remote, woyatsa ndi kuzimitsa amp, ndiye anyamata aulesi amangodumphitsa kawaya kuchoka pa +12V kupita pa REM (polowera remote) pa amp pomwepo. Amp siizima, imadya batire usiku wonse. Zulani kiyi muone ngati kagetsi ka amp kakuyakabe. Ngati kakuyaka, chotsani kawayako, REM mutengere moto pa fyuzi ya ACC (yolandira moto pokhapokha mukatembenuza kiyi) kapena kumbuyo kwa choyatsira fodya.

Bambo a Tadala: Achimwene, galimoto yake ndi yanji? Amp ndi ya mawatsi angati?

Mayi Busa: Anzanu akusaka feteleza inu mukusaka phokoso. Kapepeseni kunyumba kaye.

Wamawaya pa Lizulu: Za fiii ndi GROUND. Waya wa ground, wa negativu ya amp, usapitirire masentimita 45, ukhale wonenepa mofanana ndi wa moto, umangidwe pa chitsulo cha bodi mutapala penti mpaka mbee. Waya wa moto udutse mbali imodzi ya galimoto, wa mawu mbali inayo. Mukaziphatikiza pansi pa kapeti imodzi mumamva alternator ikuimba.

Mjomba wa ku Dedza: Mukuvutikiranji? Zulani wayilesiyo. Za ku Japan FM yake imathera pa 90, masiteshoni ambiri simuwagwira. Gulani ya RCA ndi remote yake, nkhani yatha.

Wamawaya pa Lizulu: Mjomba, munthu alibe ya feteleza mukumugulitsa wayilesi? Kabokosi ka hi-lo converter, kosintha mawu a ku masipika kukhala a RCA, nkokwanira. Mawaya ake anayi alumikizeni ku mawaya a masipika akumbuyo, RCA ituluke kupita ku amp. Ngati amp ili ndi polowera polembedwa High Input, ngakhale kabokosiko sikofunika. Koma + ndi − musasemphanitse mbali imodzi, bezi imafafanizana, subwoofer nkumangopuma ngati wodwala chifuwa.

Bambo a Tadala: Nchifukwa chake ndikufunsa galimoto. Zina zotsika mtengo zimabwera zopanda masipika akumbuyo, pamenepo mutenga ku akutsogolo. Musadalire mtundu wa waya: chotsani pulagi ya wayilesi, gunditsani mawaya awiri pa batire ya tochi ya 1.5V, sipika yake imveka kuti phu.

Mjomba wa ku Dedza: Converter imawononga mawu. Ndanena.

Wamawaya pa Lizulu: Imawononga ndi gain yokwezedwa mpaka kumapeto, osati converter! Gain si voliyumu, ndi kopotokola ka pa amp kofananitsira mphamvu ya mawu ochokera ku wayilesi. Ikani wayilesi pa magawo atatu mwa anayi, LPF (sefa yodutsitsa bezi yokha) pa 80Hz, bass boost pa ziro, kwezani gain pang'onopang'ono, mawu akayamba kusweka bwezani pang'ono. Komanso FYUZI. Ikhale pafupi ndi batire, osapyola masentimita 45, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza waya usapse ukakhudza bodi. Pa bowo lolowetsera wayayo m'kati mwa galimoto ikanipo labala. Waya wa 8 gauge, fyuzi ya 40A mpaka 50A. Amp yaikulu ikufuna waya wonenepa kwambiri, wa 4 gauge. Ndipo palani wayayo ndi mpeni, ngati mkati mukuyera ndi aluminiyamu yopaka kopa, imatentha msanga.

Kamnyamata ka kabaza: Kukankhako nako ndi masewera olimbitsa thupi madala 😂

Bambo a Tadala: Musanagwire chilichonse masulani negativu ya batire. Onaninso ma ohm kumbuyo kwa subwoofer. Amp ya machanelo awiri mukaichita bridge (kuphatikiza machanelo onse awiri pa sipika imodzi) nthawi zambiri imafuna 4 ohm. Mukaipatsa 2 itentha nkulowa protect, kusiya kuimba podziteteza.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Kagetsi kakuyakadi kiyi ali m'thumba. Mlamu uja pano akuti amp si yake, anangondigulitsira ya mnzake.

Bambo a Tadala: Achimwene, galimoto ndi yanji?