Ndikufuna kukajambula zithunzi paphiri la Zomba, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Moni nonse. Ndikufuna kukayenda wapansi m'nkhalango ya paphiri la Zomba, ndikajambule mathithi ndi mbalame, koma mtima sukukhazikika. Kamera ndi ya alamu anga, anandibwereka monyinyirika, ndipo akazi awo akungondiimbira kuti ndisaikande, chonsecho poto wanga wamkulu anatenga pa chinkhoswe mpaka lero sanabweze. Mnzanga amene timati tipitire limodzi wasintha maganizo, akuti ali ndi banki m'khonde. Abambo akunyumba nawo akungoti kutchire ukatolako chiyani. Ndiyambire pati? Nkotheka kuyenda ndekha?

Mayi wa ku Chinamwali: Mukupita mwezi uti, ndipo mukwera pa chiyani? Osanena zimenezi tikuthandizani bwanji?

Bambo wa ku Matawale: MUKAJAMBULA ZITSA! Ife tinakula phirili lili bii ndi paini, dzuwa osafika pansi. Lero ocheka matabwa usiku ndi usana, moto chaka ndi chaka. Madzi amene tikumwa m'tauni muno amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pomwepo. Mitengo ikatha tidzamwa chiyani?

Wa ku Chikanda: Achikulire, mayiwa afunsa njira.

Bambo wa ku Matawale: Njira yanji mitengo kulibe? Inu ana a dzulo simukudziwa kanthu.

Wojambula pa maukwati: Zafika pokokomeza. M'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi mitengo yachilengedwe ilipo, kukafika ku Williams Falls kuli mthunzi wabwino. Pamathithi pamajambulika bwino m'mawa kapena kukachita mitambo, dzuwa la masana limayeretsa madzi pachithunzi. Lamba wa kamera akhale m'khosi, miyala yake ndi yoterera.

Mtsikana wa ku Ndirande: Ine ndinakwera mu Julayi nditavala kamalaya kopyapyala. Chifunga chinatsika mwadzidzidzi, munthu ali apa osamuona, mano gwegwegwe. Chibwenzi changa chinandisiya m'mbuyo, nkhani yathu inathera pompo.

Wa ku Chikanda: Ndiye vuto linali chifunga kapena mwamunayo? 😂

Mayi wa ku Sadzi: Koma za poto zija musazisiye. Pitani mukatenge, anthu otere amazolowera.

Bambo wa ku Matawale: Poto ameneyo muphikira makala ochokera kuti? Nonse odandaula pano muli ndi thumba la makala kukhitchini.

Mayi wa ku Sadzi: Magetsi akazima tiziphikira malovu? Inu kwanu mumadya zosaphika?

Mphunzitsi wopuma: Mwanangu, nokha ayi. Njira za m'nkhalangomo zimaphatikana ndi za odula nkhuni, kusokera sikuchedwa, komanso kamera imakopa maso. Pafupi ndi hotela ya Ku Chawe pamakhala anyamata operekeza alendo, mugwirizane mtengo musananyamuke. Kuchokera m'tauni wapansi pali njira ya Potato Path, koma ndi chikweza chenicheni. Ku Emperor's View, komwe anafika Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje kukakhala kowala. Mvula ikangotha kumene ndiye kumaoneka patali. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi umaphimba zonse.

Wojambula pa maukwati: Dzenje la Chingwe's Hole musaliphatikize tsiku lomwelo ngati muli wapansi, ndi kutali. Batire yapadera munyamule.

Bambo wa ku Matawale: Utsi umenewo ndi womwe ndikunenawu! Aphunzitsi mwandivomereza. Mayi, mukajambule malo opsawo muike pano anthu aone.

Mphunzitsi wopuma: Sindinavomereze kanthu, bambo, ndimanena za nyengo.

Wa ku Chikanda: Nthochi muziike m'chikwama, anyani akumeneko sapempha. Ma sitiroberi a m'mbali mwa msewu mutigulireko.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. A ku Sadzi, poto ndinatumako mwana kawiri, akuti ali kwa apongozi awo. Nanga nsapato za pulasitiki zingatheke?

Mayi wa ku Chinamwali: Sizingatheke. Mwezi uti, mayi?